Nyanja Yamchere ndi Ndiwo za ku Misisi

    

Lero tikamba za nyanja yamchere. Nyanja yaikulu ija, imene ambiri a ife sitinaionepo ndi maso. Tikamba za zamoyo za m'menemo, ndi za mapangano amene mayiko akupangana pofuna kuziteteza.

Ndikudziwa kuti wina wafunsa kale mumtima. "Zambia ilibe doko. Ife kuno mavuto athu ndi madzi osefukira, zinyalala ndi mtengo wa unga. Za nyanja zitikhudza pati?" Funso limenelo ndi labwino, ndipo sindilithawa. Yankho langa ndi ili: nyanja imatidyetsa, ndipo ife timaitumizira zonyansa zathu. Ndibwereze. Nyanja imatidyetsa, ndipo ife timaitumizira zonyansa zathu.

Tiyambe ndi zam'mbale.

Amayi, pitani pa Soweto Market m'mawa, kapena pasitolo ya pafupi nanu imene ili ndi firiji. Mupeza makatoni a nsomba zoumitsidwa ndi ayezi, zija timazitcha mackerel. Wogulitsa akagula katoni imodzi, amaigawa timilu ting'onoting'ono, ndipo banja limene silingakwanitse nyama limapeza ndiwo. Kodi munadzifunsapo kuti nsomba zimenezi zimachokera kuti? Si za ku Kafue. Si za ku Siavonga. Zambiri zimaphedwa m'nyanja ya Atlantic, kugombe la Namibia. Amazitsitsa padoko la Walvis Bay, n'kuzikweza m'malole oziziritsa. Malolewo amawoloka Zambezi pamlatho wa Katima Mulilo, kulowa ku Sesheke, mpaka kufika kuno ku Lusaka. Timaziitanitsa chifukwa nsomba za m'madzi athu sizikutikwanira tonse.

Ndiye mwana wa m'komboni ya Misisi akamanyema nsima n'kusunsa mumsuzi wa mackerel, akudya za m'nyanja yamchere. Nyanjayo ikadwala, mbale yake imadwalanso.

Kodi nyanja ingathe nsomba? Mverani zimene zinachitika pagombe lomwelo la Namibia.

Kale kumeneko kunali nsomba ina yochuluka zedi, yotchedwa pilchard, mtundu uja timaupeza m'zitini uli mumsuzi wa tomato. M'zaka za m'ma 1960 inkaphedwa mosaneneka. Zombo zina zinali ndi fakitale m'kati mwake, zikugaya nsomba pamadzi pomwepo usana ndi usiku. Nthawiyo Namibia inali isanalandire ufulu, ndipo inalibe mphamvu yoletsa alendo kugombe lake. Aliyense ankangokolola. Pofika m'zaka za m'ma 1970, pilchard inagwa. Namibia italandira ufulu mu 1990 inaika malire panyanja yake, inagwiranso zombo zakunja zopha nsomba mwakuba. Koma kwa pilchard zinali m'mbuyo mwa alendo. Mu 2018 boma la dzikolo linaletseratu kupha nsomba imeneyi, poyesa kupulumutsa yotsalayo.

Ndipo sizinathere pansomba pokha. Mbalame za m'nyanja zimene zinkadya pilchard, monga penguin, zinachepa kwambiri chifukwa cha njala. M'madzimo munachuluka zamoyo zina zofewa, zotchedwa jellyfish, zimene sizipindulira msodzi. Mwaona? Mukachotsa chamoyo chimodzi, zina zimene zimachidalira zimatsatira. Akatswiri akamalimbikira zoti titeteze mitundu yonse ya zamoyo, akunena zimenezi. Sakunena za kukongola kokha ayi. Akunena za chakudya.

Nanga mackerel yathu ija? Ikadalipo, chifukwa boma la Namibia limaika mlingo chaka chilichonse wa nsomba zimene ziyenera kuphedwa. Koma pamene pali ndalama pamafikanso dyera. Mu 2019 nduna ziwiri za dzikolo zinatula pansi udindo, kenako zinamangidwa, pa milandu ya ziphuphu yokhudza zilolezo zophera nsomba yomweyi. Choncho musaganize kuti katoni ija imangobwera yokha. Pali anthu akuimenyera nkhondo, ena kuti itetezedwe, ena kuti ailande.

Tsopano tibwere kwathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kapenta tonse timamudziwa. Wa ku Mpulungu, wa ku Siavonga. Kodi mukudziwa kuti kapenta wa ku Siavonga ndi mlendo? Damu la Kariba litamangidwa, anthu anakatenga mbewu yake ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, n'kuithira mu Kariba. Anaswana, anachuluka, mpaka anatsikira ku Cahora Bassa ku Mozambique. Analemeretsa anthu ndipo anadyetsa makomboni onse. Zambia ndi Zimbabwe anagwirizana za chiwerengero cha mabwato amagetsi aja opha kapenta usiku. Koma mabwato anapitirira chiwerengerocho kutali. Lero funsani asodzi a ku Siavonga. Akuuzani kuti usiku wonse pamadzi umabweretsa zochepa kusiyana ndi kale. Funsaninso amayi ogula. Akuuzani kuti kambale ka kapenta kakucheperachepera, mtengo ukukwererakwerera.

Matenda ake ndi omwewo a ku Namibia. Kukolola kwambiri kuposa mmene madzi angaberekere.

Ku Tanganyika mayiko anayi amene agawana nyanjayo, Zambia, Tanzania, Burundi ndi Congo, anasaina pangano mu 2003 loti aziisamalira pamodzi. Anaona kuti nsomba siidziwa malire. Nsomba ya buka imene yaswedwa kumbali ya Congo ingaphedwe ku Mpulungu. Zaka zaposachedwapa anagwirizana zotseka nyanjayo kwa miyezi itatu, kuyambira pakati pa Meyi mpaka pakati pa Ogasiti, kuti nsomba zipume. Asodzi analira, ndipo kulira kwawo kunali komveka, pakuti mwana safunsa ngati nyanja yatsekedwa, amangofuna nsima. Koma dziko limodzi likatseka, lina n'kumapha, onse aluza. Mutu umodzi susenza denga.

Apa ndi pamene tilowere m'nkhani ya mapangano a dziko lonse. Ndiyesetsa kusakulemetsani ndi mayina ambiri.

Loyamba ndi lamulo lalikulu la panyanja, limene mayiko anasaina mu 1982 pansi pa bungwe la United Nations. Limati dziko la m'mbali mwa nyanja lili ndi ulamuliro pa nsomba kufikira mamailosi 200 kuchokera kugombe. Limatinso mayiko opanda gombe ali ndi ufulu wofika kunyanja ndi kupindula nayo. Zambia inali m'gulu la mayiko oyambirira kulivomereza, mu 1983. Makolo athu a nthawi ya Kenneth Kaunda ankadziwa bwino kuwawa kwa kusowa njira ya kunyanja. N'chifukwa chake anamanga njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam. Sanaone nyanja ngati nkhani ya eni ake.

Koma kupitirira mamailosi 200 aja kuli chiyani? Kuli madzi opanda mwini, ndipo ndiwo mbali yaikulu ya nyanja zonse. Inu a m'komboni mukudziwa zimene zimachitikira malo opanda mwini. Aliyense amatayapo zinyalala, aliyense amakumbapo mchenga, koma wosesa palibe. Nyanja yapakati yakhala choncho kwa zaka zambiri.

Mu Juni 2023, atakambirana kwa zaka pafupifupi makumi awiri, mayiko anagwirizana ku New York pangano latsopano loteteza zamoyo za m'madzi opanda mwiniwo. Likuloleza kuti mbali zina za nyanja zipatulidwe kukhala malo otetezedwa, monga tili ndi South Luangwa kapena Kafue National Park pamtunda. Likufunanso kuti wofuna kuchita ntchito yaikulu kumeneko ayambe waunika zimene angawononge. Ndipo likuti phindu lochokera ku zamoyo za m'menemo, monga mankhwala atsopano, lisathere m'matumba a mayiko olemera okha. Kuti liyambe kugwira ntchito pankafunika mayiko 60 olivomereza. Chiwerengerocho chinakwana mu Seputembala 2025, zimene zinatsegula njira yoti liyambe mu Januwale 2026. Ndipo tamverani izi. Mwa mayiko onse opanda gombe, loyamba kulivomereza linali Malawi, anansi athu. Anthu amene aona chambo chikuchepa m'nyanja yawo sanafune wowauza kawiri.

Palinso lonjezo limene mayiko anapanga ku Montreal mu Disembala 2022, loti pofika 2030 magawo 30 pa 100 alionse a mtunda ndi madzi akhale otetezedwa. Kumbali ya nyanja, ulendo ukadali wautali kwambiri.

Koma pangano limene ine limandikhudza kwambiri ndi lina. Mayiko ena olemera amapatsa makampani awo ndalama za boma zothandizira mafuta ndi zombo, kuti zikaphe nsomba kutali, ngakhale kugombe la Africa. Popanda thandizo limenelo, zombo zambiri sizikanafika n'komwe. Mu 2022 bungwe la zamalonda la World Trade Organization linagwirizana ku Geneva zoletsa thandizo lotere kwa opha nsomba mwakuba, ndi kwa amene akupha mitundu yomwe yatha kale mphamvu. Linayamba kugwira ntchito mu 2025.

N'chifukwa chiyani limandikhudza? Chifukwa cha chilungamo. Tonse tamvapo za mayi amene walandidwa dengu la nsomba pamsewu m'nyengo yoletsa. Mpamba wake wonse watha tsiku limodzi. Lamulo ndi lamulo, sindikutsutsa. Koma ngati lamulo likugwira mayi wa dengu limodzi, ligwirenso chombo chimene chimakokolola usiku umodzi nsomba zimene mayiyo sangagulitse moyo wake wonse. Kusamala zachilengedwe kumene kumaluma osauka okha sikukhalitsa. Anthu amakuzemba, ndipo ine sindidabwa.

Omvera, tamaliza mbali yoyamba: nyanja imatidyetsa. Tiyeni ku mbali yachiwiri: zimene ife timaitumizira.

Mvula ikagwa ku Misisi, mukudziwa mmene zimakhalira. Madzi m'njira, madzi pakhomo, madzi m'nyumba. Pitani mukaone ku Ngwenya Dam, maenje aja anatsala anthu atakumba miyala. Onani zimene zikuyandama. Mabotolo a zakumwa, mapepala apulasitiki, matewera a ana. Onani ngalande za m'tauni mvula yoyamba ikangodutsa. Kodi zonsezo zimathera kuti?

Madzi saiwala khwawa. Madzi ena a mu Lusaka amatsata Bombay Drain n'kugwera mu Ngwerere. Ngwerere amathira mu Chongwe, Chongwe amathira mu Zambezi. Ena amatsata Chunga, kulowa mu Mwembeshi, kenako mu Kafue, ndipo Kafue naye amakumana ndi Zambezi pafupi ndi Chirundu. Njira ziwiri, mtsinje umodzi. Zambezi amadutsa ku Tete, amalandira Shire wochokera ku Malawi, n'kukathira mu nyanja ya Indian Ocean kufupi ndi Chinde.

Si botolo lililonse limene limafika kunyanja, zoona. Ambiri amakodwa m'bango, ena amatsalira m'damu la Cahora Bassa. Koma pulasitiki siiwola. Imangophwanyika, kukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo nsomba zimameza. Imene yatsala kuno ndiyo imatseka ngalande zathu. Ngalande ikatsekeka, madzi amaima. Madzi akaima, amasakanikirana ndi za m'zimbudzi, n'kulowa m'zitsime zosaya. Ndani wayiwala kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, mpaka bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala? Tinaika maliro ambiri m'makomboni muno. Ndiye pulasitiki imene ikupha kamba wa m'nyanja ku Mozambique ndi yomweyo imene imayamba yativulaza ife eni.

Kumene Zambezi amathirako kuli nkhalango ya mitengo yomera m'matope a madzi amchere, yotchedwa mangrove. Ndi imodzi mwa nkhalango zazikulu za mtunduwu kugombe la kum'mawa kwa Africa. M'mizu yake ndi mmene tiana ta nsomba ndi nkhanu timabisala mpaka titakula. Mitengo yomweyo imachepetsa ukali wa mafunde namondwe akabwera, ndipo amene anaona zimene namondwe Idai anachita ku Beira mu 2019 akudziwa kufunika kwa tchinga lotere. Dera la Marromeu kumeneko lili m'kaundula wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar. M'kaundula yemweyo muli Kafue Flats ndi madambo a Bangweulu akwathu kuno. Mtsinje umodzi ukulumikiza dambo la ku Namwala ndi gombe la ku Mozambique. Chimene tathira kumtunda, anzathu akumunsi amamwa.

Ndipo si zinyalala za m'nyumba zokha. Mu Febuluwale 2025 damu la zotsalira za pamgodi linagumuka ku Chambishi ku Copperbelt, ndipo madzi a asidi analowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa. Ku Kitwe anatseka mipopi. Kafue yemweyo ndi amene amapereka gawo lalikulu la madzi a m'mipopi ya Lusaka. Tsiku limodzi la kusasamala linawononga zimene asodzi akhala akudalira kuyambira makolo awo.

Nanga mayiko akuchitapo chiyani pa pulasitiki? Apa nkhani si yokoma. Mu 2022 ku Nairobi anagwirizana kuti alembe pangano lothana ndi vutoli. Anakumana ku Busan kumapeto kwa 2024, osamvana. Anakumananso ku Geneva mu Ogasiti 2025, osamvananso. Mkangano waukulu ndi uwu: kodi tichepetse kupanga pulasitiki, kapena tizingotola yotayidwa? Mayiko ambiri a mu Africa akuti ichepe kuchokera kufakitale. Mayiko ogulitsa mafuta, amene pulasitiki imapangidwa kuchokera ku mafuta awo, akukana. Ine ndili kumbali ya oti ichepe. Funsani anyamata ndi amayi amene amatola mabotolo kudzala la ku Chunga ngati angathe kumaliza zonse zimene zimabwera tsiku limodzi. Sangathe.

Kuno kwathu lamulo lilipo. Mu 2018 boma linaletsa timapepala tapulasitiki topyapyala kwambiri, ndipo linati opanga katundu azisenza nawo udindo wa zinyalala zochokera ku katundu wawo. Bungwe loona za chilengedwe la ZEMA ndilo liyenera kulondola zimenezi. Koma yendani pamsika uliwonse, muone ngati timapepala tija tinatha. Lamulo la papepala silitsegula ngalande.

Ndipo pano ndinene mosabisa. N'kosavuta kuloza chala munthu wa ku Misisi kuti ndi wauve. Koma mayi amene galimoto yotola zinyalala siifika kwake, njira yake ndi yopapatiza, ndalama yolipira otola alibe, akataye kuti? Khonsolo ili ndi mbali yake. Makampani a zakumwa ali ndi mbali yawo. Aphungu athu ali ndi mbali yawo. Tisawamasule.

Komabe nafenso tili ndi mbali yathu, ndipo ndi imeneyi ndikufuna titsirizire.

Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'madambo ambiri a dziko lino. Ndi nyengo imene nsomba zimaswana. Msodzi amapita usiku mozemba chifukwa akudziwa kuti ku Lusaka kuli wogula. Wogulayo ndani? Ndi ine ndi inu. Amayi, m'miyezi imeneyo funsani wogulitsa kuti nsombayo yachokera kuti. Ya m'maiwe oweta ilipo. Nyemba zilipo, chibwabwa chilipo, ndi nthawi yake.

Chachiwiri, tiana ta nsomba. Mukaona pamsika mulu wa tinsomba tosakhwima, tophedwa ndi neti ya udzudzu, dziwani kuti mukuona ndiwo za chaka chamawa zikugulitsidwa lero. Neti ija inaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo. Ikalowa m'madzi imakokolola zonse, ndi mazira omwe. Ndikudziwa kuti mtengo wake ndi wotsika, ndipo m'thumba mukakhala mopanda kanthu mtima umakokera komweko. Koma amene mungathe, kanani.

Chachitatu, ngalande ya pakhomo panu. Popita kumsika tengani chikwama kapena dengu. Mabotolo asonkhanitseni padera, alipo amene amagula. Mvula isanayambe, itanani anansi mutsegule ngalande pamodzi, monga timachitira pa maliro ndi pa chilimba. Achinyamata a m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ntchito imeneyi ikukudikirani.

Chomaliza, pakamwa panu. Khansala wanu akabwera pamsonkhano, mufunseni kuti galimoto ya zinyalala ifika liti m'dera lanu. Phungu wanu akabwera, mufunseni kuti lamulo la 2018 lija likugwira ndani. Mufunseninso kuti Zambia ikunena chiyani kumisonkhano ya nyanja ndi ya pulasitiki, pakuti kumeneko dziko lopanda gombe lili ndi mpando ndi voti ngati dziko lina lililonse. Musaope kuti ndinu a m'komboni. Inu ndinu amene mumadya nsombazo, inu ndinu amene madzi amakuloweraninso m'nyumba.

Abambo ndi amayi, nkhaniyi musaisiye pawailesi. Ikambeni pamsika, pampopi ndi pasiteshoni ya basi. Auzeni ana kumene mackerel imachokera ndi kumene ngalande imathera.